Mwana asanapite kukaphunzira ntchito zamanja, mkonzeni kaye

Ngati mwana wanu walemba MSCE ndipo akufuna zowotcherera, ukalipentala, zamagetsi kapena utelala, musangomutumiza kwa mmisiri wa ku Matawale kuti pita ukaphunzire basi. Pali zinthu zoti adziwiretu ali pakhomo.

Yambani ndi tepi yoyezera. Mugulireni tepi yake mu msika wa Zomba, si yodula kwenikweni, aziyeza chitseko, windo, tebulo, chilichonse mpaka azolowere kuti mita imodzi ndi masentimita 100 komanso mamilimita 1,000. Zikumveka zachibwana eti? Komatu mnyamata akadula thabwa la paini nkuperewera ndi masentimita awiri, thabwa lija lapita, ndiye mmisiri amene waligula ndi ndalama zake sangamupatsenso sowo, azingomutuma kukagula misomali ndi kusesa utuchi miyezi nkumatha.

Kenako nthawi. Ngati amadzuka 9 koloko ayambiretu kudzuka m'mamawa, foni izikhala m'thumba.

Zodzitetezera musamanyozere. Ovolo, nsapato zotseka osati mapatapata, ndipo wazowotcherera asayerekeze kuyang'ana moto uja opanda chigoba chakumaso, pompo sumva kanthu koma usiku maso amachita ngati mwalowa mchenga, tulo osabwera.

Pa nkhani ya sukulu, TEVETA yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndi imene imayang'anira maphunziro amenewa, imalengeza ikafuna kutenga ophunzira ndiye muzitchera khutu pa wailesi ndi pa Facebook. Kuno ku Zomba tili ndi Nasawa Technical College, komanso kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika ajambulitsiretu makope, osati kuthamanga tsiku lotseka magetsi atazima. Amene anaphunzira kale kwa mmisiri koma alibe pepala akafunse ku TEVETA konko za mayeso, luso lomwe ali nalo kale amalizindikira.

Mukasankha njira ya mmisiri, pitani nokha mukakhale nawo pansi. Aphunzira miyezi ingati, nkhomaliro idzichokera kuti, nanga akathyola chida alipira ndani, ya sopo ilipo kapena ayi? Lembani papepala pakhalenso mboni. Ine ndimaona kuti mmisiri amene akuzemba mafunso amenewa akufuna waganyu waulere, mukayese kwina.

Chinanso, muphunzitseni kuwerengera mtengo wa ntchito. Mupatseni chitsanzo cha geti, alembe mu kope zitsulo, marodi owotcherera, penti, transipoti ya kabaza, kenako aike yake ya manja. Akalakwitsa abwereze. Ndipo ntchito iliyonse imene wagwira aziijambula pa foni, makasitomala amasiku ano amayamba afunsa zithunzi pa WhatsApp asanakambe za mtengo.