Mizu ya mitengo ikalowa m'paipi ya zonyansa

Madzi a m'chimbudzi akamatsika mozengereza, kapena sinki ikamalira kuti gudugudu mukagujumula, musathamangire kuthira mankhwala. Ngati pali mtengo pafupi, kawirikawiri vuto limakhala mizu. Mizu siiboola paipi yabwinobwino. Imatsata chinyezi chotuluka pamng'alu kapena polumikizira, n'kulowa yopyapyala ngati tsitsi, kenako imakula n'kumakola mapepala ndi mafuta.

Pulambala akadula mizuyo ndi chingwe chake chozungulira cholowetsa m'paipi njira imatseguka, koma mizuyo imaphukanso. Ine ndinadulitsa kawiri ndisanazindikire zimenezi, ndalama kungopita. Pezani pomwe pang'alukapo, kamera yolowetsa m'paipi imathandiza, kumbani pamenepo muikepo paipi ya pulasitiki ya PVC yomatidwa bwino. Mtengowo ukakhala pamwamba penipeni pa paipi, ingoudulani.