Momwe mungakonzekeretsere ophunzira kusanthula kafukufuku pa mayeso a Psychology

Phunziroli kulibe pa MSCE, ndiye ana amene ndimawathandiza kuno ku Zomba ndi olemba mayeso a Cambridge ndi ena amene angoyamba kumene ku yunivesite. Vuto lawo ndi limodzi: kuloweza amatha, koma kufunsa kafukufuku mafunso ayi.

Yambani ndi kupeza mapepala a mayeso akale, pamodzi ndi mark scheme yake, yoonetsa momwe malikisi amaperekedwera. Ena alipo aulere pa tsamba la Cambridge. Chenjerani ndi anyamata ogulitsa mapepala pa WhatsApp, amene amati tumizani kaye ndalama pa Mpamba. Ine anandigulitsa a silabasi yakale. Pokachita fotokope m'tauni, muone kaye tsamba loyamba musanalipire, chifukwa makina ena inki ndi yotha ndipo manambala a m'matebulo sawerengeka, pomwe mtengo ukungokwerabe.

Kenako kafukufuku aliyense akhale pa tsamba limodzi: cholinga, anthu ake, njira, zotsatira. Mwachitsanzo Milgram, 1963: amuna 40 a zaka 20 mpaka 50, ku Yale, ndipo 26 mwa iwo anamvera lamulo loti alange munthu wina ndi magetsi mpaka kufika pa mphamvu ya ma volt 450.

Apa tsono ndi pamene ndinagwa nayo. Chaka changa choyamba ndinkasangalala kuti ana akutchula manambalawa ngati Atate Wathu. Titafika pa mock, ndinawapatsa kafukufuku wongopeka amene sanamuonepo, n'kufunsa kuti independent variable ndi iti, dependent variable ndi iti. Ambiri anatembenuza. Ngakhale mtsikana amene ankadziwa kafukufuku wa Bandura pamtima, ana 72, anyamata 36 ndi atsikana 36, chidole cha Bobo, 1961, zonsezo, anangokhala chete. Kulakwa kunali kwanga, ndinawaphunzitsa mayankho basi.

Lero matanthauzo ndimawasunga kaye. Ndimagawa kalasi pawiri, gulu lina liloweze mawu 15 wailesi ikulira, lina kuli zii, kenako onse alembe amene akukumbukira. Ndiye ndimafunsa: ine ndasintha chiyani ndi manja anga? Phokoso. Ndayeza chiyani? Mawu amene mwakumbukira. Basi, choyambacho ndiye independent, chachiwiricho dependent. Tikabwerera kwa Bandura amaona okha kuti iye anasintha wamkulu amene mwana ankamuonerera, wankhanza, wofatsa kapena popanda aliyense, n'kuyeza nkhanza zimene mwanayo anatengera. Tsiku lina mnyamata wina anadandaula kuti gulu la wailesi linali ndi ana ochenjera okhaokha. Ndinam'patsa choko, pakuti anali atafotokoza confounding variable, chinthu china chimene chingasokoneze zotsatira, dzina lake asanalimve.

Pa mphamvu ndi zofooka za kafukufuku, musalole yankho loti "anthu anali ochepa" lithere pomwepo. Mwana atchule mfundo, aikepo umboni wa mu kafukufukuyo, anene chifukwa chake. Kwa Milgram onse anali amuna a ku America, ndiye zotsatira zake sitingangozitengera kwa amayi ogulitsa mu msika wa Zomba. Pa ethics, kutanthauza ngati anthu a m'kafukufuku anachitiridwa zoyenera, anthuwo ananamizidwa kuti magetsiwo ndi enieni, ndipo ofuna kusiya ankauzidwa kuti apitirize.

Zotsalazo n'zachidziwikire. Aziwerenga ngati funso likuti describe (fotokozani) kapena evaluate (unikani mphamvu ndi zofooka), aone malikisi asanalembe ndime yonse pa funso la malikisi awiri, ndipo Loweruka lililonse pepala limodzi, wotchi ili patebulo.