Mmene mungasiyanitsire autism, ADHD ndi zipsera za nkhanza zokhalitsa mwa munthu wamkulu

Munthu wamkulu amene amavutika kukhala pagulu, amaiwalaiwala, ndipo amapsa mtima kapena kungoti duu zinthu zikamuchulukira, akhoza kukhala ndi autism (vuto lokhudza kucheza ndi kumvana ndi anthu), akhoza kukhala ndi ADHD (vuto la kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi), kapenanso akhoza kukhala kuti anakhala nthawi yaitali m'nkhanza zimene zinamusiyira zipsera m'maganizo, vuto limene madokotala amalitcha complex PTSD. Pongowaona, anthu atatuwa amafanana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake amene amawerenga zizindikiro pa intaneti amadzipeza m'magulu onse atatu. Kuti muwasiyanitse, fufuzani nthawi imene khalidwelo linayamba, chimene chimaliutsa, ndiponso malo amene limazimiririka.

Yambani ndi ubwana wa munthuyo. Autism ndi ADHD zimachokera ku kakulidwe ka ubongo, motero zimakhalapo kuyambira munthu ali wamng'ono ngakhale pakhomo pali mtendere. Buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, limafuna kuti zizindikiro zina za ADHD zikhale zitaoneka munthu asanakwanitse zaka 12, komanso kuti zizioneka m'malo awiri kapena kuposerapo, monga kunyumba ndi kuntchito. Complex PTSD imabwera pambuyo pa zoopsa zobwerezabwereza zimene munthu analibe kothawira, monga kumenyedwa kapena kugwiriridwa paubwana, nkhanza za m'banja, ukapolo kapena kuzunzidwa m'ndende. Dokotala wina wa ku America, Judith Herman, ndiye analifotokoza vutoli mu 1992, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaliika m'buku lake la matenda la ICD-11 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Choncho pitani kwa amayi, agogo kapena azakhali amene anamulera munthuyo, ndipo muwafunse zinthu zooneka ndi maso: anayamba liti kulankhula, ankasewera masanje ndi anzake kapena ankakonda kundandalika zitsekerero za mabotolo payekha, ankatumika n'kufika kapena ankaiwalira panjira chimene amutuma, ndipo kodi ilipo nthawi imene khalidwe lake linasintha mwadzidzidzi. Malipoti akusukulu amathandizanso, makamaka ndemanga za aphunzitsi.

Apa pali povuta pamene sindifuna kuti mupalumphe. Nkhanza zikayamba mwana ali khanda, palibe nthawi ya "asanasinthe" yoti muyerekezere nayo. Ana amene anakulira m'nyumba za ana amasiye za ku Romania mosasamalidwa, n'kutengedwa ndi mabanja a ku Britain ulamuliro wa Ceaușescu, mtsogoleri wa Romania, utagwa mu 1989, anatsatiridwa pa kafukufuku wa Michael Rutter, katswiri wa matenda a m'maganizo a ana, ndi anzake, ndipo ena mwa iwo anasonyeza khalidwe lofanana ndi autism komanso kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Mbiri ya ubwana payokha siikwanira, ndiye muyenera kufunsa chifukwa chimene munthuyo amachitira zimene amachitazo.

Tengani phokoso la pa ukwati, pamene zokuzira mawu zili pamwamba ndipo anthu akuchita perekaniperekani. Wa autism amavutika ndi phokoso lenilenilo ngakhale akudziwa kuti palibe choopsa, ndipo mwina amavutikanso ndi kuwala, fungo la mafuta odzola kapena msoko wa malaya umene ukumukanda pakhosi. Akatuluka n'kukakhala pachete, pang'onopang'ono amapeza bwino. Wa ADHD kawirikawiri amakondwa nacho chikondwererocho, koma mukamamulankhula makutu ake amathamangira nkhani imene ikukambidwa kumbuyo kwake. Wa zipsera za nkhanza akhoza kupirira nyimbo zonsezo, koma chitseko chikamenyetsedwa, kapena akamva mawu a mwamuna woledzera akukalipa, mtima umagunda, thukuta limatuluka, ndipo amamva ngati zakale zija zikuchitikanso pompo. Amasankha mpando woyang'ana kukhomo, ndipo ngakhale atuluke mantha amamutsata mpaka kumaloto. Kubwerera kwa zoopsazo m'maganizo, kupewa chilichonse chozikumbutsa, ndi kukhala tcheru nthawi zonse ndiwo maziko a complex PTSD, ndipo pamwamba pake pamabwera kulephera kuugwira mtima, kudziona wopanda pake ndi kuvutika kuyandikana ndi anthu. Ngati maziko atatu oyambawo palibe, dzinalo silimuyenera munthuyo.

Pa nkhani ya kucheza ndi anthu, kusiyana kwake kumaonekera bwino. Wa autism amavutika kumva zining'a ndi kulankhula kozungulira, kotero alendo akanena kuti dzuwa lapendeka iye amangovomereza, osazindikira kuti akutsazika. Wa zipsera za nkhanza amawerenga nkhope mopitirira muyeso, chifukwa anaphunzira ali mwana kudziwira pa mapazi kuti bambo abwera ndi mtima wotani, ndipo lero abwana akangokwinya nkhope iye amayamba kupepesa asanalakwe. Wa ADHD amadziwa bwino mwambo wake wa kucheza, koma amadula anzake mawu pakamwa n'kudandaula pambuyo pake. Musadalire kwambiri nkhani yoyang'ana m'maso, popeza kwathu kuno kuzyolika pamaso pa akuluakulu ndi ulemu. Onani mmene munthuyo amachitira ndi anzake amsinkhu wake.

Kuiwala nakonso kuli mitundu. Wa ADHD amasiya foni m'minibasi ndipo amapsereza ndiwo pamoto ngakhale tsiku limene ali wosangalala, koma chinthu chikamukoka mtima amaiwala n'kudya komwe. Wa zipsera za nkhanza maganizo amamuthawa akaopsezedwa, amangoti kakasi ngati sali m'thupi mwake, ndipo akakhala pamalo pamene akumva kutetezeka amatha kutsatira zinthu bwinobwino. Wa autism amazama pa chinthu chimodzi kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimamusautsa ndi kumusintha dongosolo mosamuchenjeza.

Musakakamire dzina limodzi. DSM-5 isanatuluke madokotala sankaloledwa kunena kuti munthu ali ndi autism ndi ADHD nthawi imodzi, koma tsopano n'zodziwika kuti ziwirizi zimapezeka limodzi kawirikawiri. Komanso mwana wosakhazikika kapena wosamva zining'a ndiye amene amakwapulidwa kwambiri, kusekedwa ndi kunamizidwa ndi anthu oipa, motero amakula ndi zipsera pamwamba pa vuto lobadwa nalo. Zimandipweteka kwambiri kuona amayi amene anaphunzira kubisa zonsezi potsanzira anzawo, n'kufika zaka 40 akungotchedwa amwano kapena aulesi. Palinso zina zoyenera kuti achipatala aziyeze kaye: kusagona mokwanira, mowa ndi chamba, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, chithokomiro, kusamva bwino, khunyu, kuvulala m'mutu, ndi malungo a muubongo a paubwana, amene kafukufuku wa ku Blantyre anasonyeza kuti amasiyira ana ena khunyu ndi mavuto a khalidwe.

Mafunso odziyesa nokha, monga ASRS ya ADHD, AQ-10 ya autism ndi ITQ ya complex PTSD, amangosonyeza ngati m'pofunika kufufuza mozama, ndipo chigamulo chimachokera kwa katswiri wa matenda a m'maganizo. Ku Malawi mungayambire pachipatala chaboma, kumene angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chithandizo chimasiyana: ADHD ili ndi mankhwala monga methylphenidate, autism ilibe mankhwala oichotsa ndipo chofunika n'kusintha malo ndi dongosolo kuti zimuyenere munthuyo, pomwe zipsera za nkhanza zimafuna uphungu wolunjika pa zoopsazo, woyamba ndi kuonetsetsa kuti munthuyo sakuzunzidwanso. Popita, tengani buku lanu lakuchipatala, malipoti akusukulu ngati alipo, ndi zolemba za milungu ingapo zosonyeza chimene chinachitika vuto lisanayambe ndi chimene chinalithetsa. Wachibale wokuperekezani akhale amene inuyo mwamusankha, ndipo ngati amene anakuzunzani ali m'banja momwemo, pemphani kuti muonane ndi dokotala panokha.