Kasankhidwe ka magolovesi oyendetsera njinga yamoto

Munthu akagwa pa njinga yamoto, zimayamba kufika pansi ndi zikhatho. Choncho posankha magolovesi yang'anani kuchikhatho ndi pamkono kaye, zokongoletsa za pamwamba zibwere pambuyo.

Yambani ndi kuyeza dzanja. Zungulizani tepi ya telala pachikhatho, m'munsi pang'ono mwa mfundo za zala, osaphatikiza chala chachikulu. Mukapeza masentimita 20 kapena 21, saizi yanu ndi 8, imene makampani ambiri amailemba kuti M. Masaizi amasiyanako kampani ndi kampani, ndiye muvale ndithu musanalipire.

Mukavala, gwirani handulo, mukoke buleki ndi kilachi. Zala zisagunde kumapeto, patsale kampata ka mamilimita ngati 5, apo ayi zimachita dzanzi musanafike patali. Pachikhatho pasachite makwinya chifukwa ndiwo amatulutsa matuza. Chikopa chimatamuka m'lifupi pakapita masiku koma osati m'litali, ndiye magolovesi achikopa akathina pang'ono m'mbali palibe vuto. Ansalu satamuka kwenikweni.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa lamba wa pamkono. Mangani lambayo monga mmene mungamangire pa ulendo, kenaka ndi dzanja linalo gwirani nsonga za zala n'kukoka mwamphamvu. Golovesi ikavuka, isiyeni pomwepo ngakhale chikopa chake chikhale chabwino chotani. Mukamakhwekhwerezeka pamsewu, phula limakoka golovesi chimodzimodzi, ndipo yopanda lamba wolimba imatsala m'mbuyo dzanja likupitirira lokha. Lasitiki yekha sakwanira. Lambayo azimanga pomwe dzanja lalumikizana ndi mkono, pocheperapo paja, osati chakumtunda. Onaninso ngati pali kapulasitiki kolimba m'munsi mwa chikhatho. Kamathandiza dzanja kutsetsereka, chifukwa likakakamira paphula thupi likupitabe, kafupa ka m'tsinde mwa chala chachikulu kamathyoka, ndipo kamachedwa kupola.

Kenaka werengani kansalu kam'kati. Payenera kukhala chizindikiro cha CE (chosonyeza kuti katunduyo akukwaniritsa malamulo a chitetezo a ku Ulaya), chithunzi cha munthu ali pa njinga ndi nambala EN 13594:2015. Pamalembedwanso mlingo wa kulimba: Level 1 imapirira kukhuzika kwa masekondi 4 poyesedwa, Level 2 masekondi 8, ndipo zilembo KP zikutanthauza kuti zoteteza mfundo za zala zinayesedwa. Samalani ndi ogulitsa amene amangomata CE popanda nambala imeneyi. Katundu wawo amatsika mtengo kwambiri, koma kawirikawiri ndi pulasitiki yopakidwa kuti ioneke ngati chikopa, yomwe imasupuka msanga. Kokani misoko pakati pa zala, ulusi ukaonekera n'kutaya ndalama.

Chikopa cha mbuzi n'chofewa, cha ng'ombe n'chokhuthala. Potentha tengani atimabowo topitisa mphepo, pamvula okhala ndi Gore-Tex kapena nsalu ina yosalowa madzi. Oonetsa zala kunja ndi a njinga yakapalasa. Magolovesi achikopa akanyowa, aumitseni pamthunzi, chifukwa moto umaumitsa chikopa gwa mpaka kung'aluka.