Kukonza mabowo a USB pa kompyuta ya Windows 98

Ngati mabowo a USB sakugwira ntchito pa kompyuta ya Windows 98, yambirani ku BIOS, pulogalamu yoyambirira imene imayendetsa zipangizo za kompyuta Windows isanatseguke, chifukwa pa makina ena a nthawi imeneyo mbali ya USB imakhala yozimitsidwa. Mukangoyatsa kompyuta dinani Del kapena F2, pezani pamene palembedwa USB Controller n'kusankha Enabled, ndipo ngati pali mzere wa Assign IRQ for USB, nawonso muuyatse musanasunge zosinthazo.

Windows ikatseguka, pitani ku Control Panel, kenako System, mpaka mufike pa Device Manager. Chipangizo chilichonse cha USB chimene chili ndi chizindikiro chachikasu chichotseni ndi batani la Remove, kenaka muyatsenso kompyuta CD ya Windows 98 ili m'kati, pakuti makinawo adzafuna kutenga mafayilo a dalaivala (pulogalamu yothandiza Windows kugwiritsa ntchito chipangizo) m'menemo. Yesani kaye ndi mausi ya USB. Ikayenda, ndiye kuti bowolo lili bwino.

Pa fulashi m'pamene ambiri amagwa mphwayi, koma vuto silikhala bowo ayi. Windows 98, ngakhale Second Edition ya 1999, inatuluka yopanda dalaivala wa zipangizo zosungiramo mafayilo, pamene Windows Me ndi Windows 2000 zili naye kale. Choncho pezani dalaivala woyenera fulashiyo pa kompyuta ina, mubwere naye pa CD, ndipo mumuike musanailowetse. Fulashiyo ikhale ndi kasanjidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32, chifukwa mitundu ina ya kasanjidwe, NTFS ndi exFAT, siwerengeka pa Windows imeneyi.

Mafayilo akamayenda pang'onopang'ono musadabwe, popeza USB 1.1, mtundu wakale wa USB wa nthawi ya Windows 98, sipitirira mamegabiti 12 pa sekondi.