Kuyamwitsa khanda lobadwa ndi Down syndrome

Mwana wa Down syndrome amabadwa ndi makromozomu (tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo) 47 m'malo mwa 46, chifukwa a nambala 21 amakhala atatu. Zimachitika mimba ikungoyamba kumene. Si tsempho, si ufiti, ndipo palibe chimene mayi analakwa. Agogo ndi apongozi auzidwe zimenezi msanga, poti mayi wonenedwa pakhomo sayamwitsa ndi mtima wokhazikika.

Ntchito yaikulu miyezi yoyamba ili pa bere. Minofu ya mwanayu ndi yofewa, ya m'kamwa yomwe, ndiye amangoyamwa pang'ono n'kugona. Musadikire kulira, ambiri salirira njala. Mudzutseni maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, kuti ayamwe ka 8 mpaka 12 pa tsiku. Akakhala ndi tulo tambiri, mufundukuleni nsalu, mumusisite kumapazi.

Yambani mwafinya bere kuti mkaka udonthe, asatope n'kuukoka. Mukhazikeni mowongoka, mutu m'mwamba kuposa mimba, kuti asatsamwe. Kenako dzanja lanu lilowe pansi pa bere: chala chachikulu pa tsaya lina, cholozera pa tsaya linalo, kachibwano kakhale pakati. Kagwiridwe kameneka kamathandiza kamwa yofooka kuti isataye bere. Akatopa asanakhute, finyirani mkaka m'kapu yoyera mumumwetse pang'onopang'ono. Madzi ndi phala zidikire miyezi 6, mutu utayamba kukhazikika. Mwana wokhuta amanyowetsa matewera osachepera 6 pa tsiku akatha sabata yoyamba.

Pamene akuyamwa mpamenenso mtima umadziulula. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima. Yang'anani pamphumi: timadontho ta thukuta poyamwa, milomo kuda, kusiyasiya bere kuti apume, sikelo yosakwera. Werengani mpweya kwa mphindi yathunthu ali phee. Kupuma ka 60 kapena kuposa asanakwane miyezi iwiri, kapena ka 50 kuyambira miyezi iwiri mpaka chaka, n'kofunika chipatala tsiku lomwelo. Kuno ku Angónia ndi Tsangano, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumabwera ndi chibayo, ndipo ana awa chimawagwira msanga.

Ngakhale akuoneka bwinobwino, pemphani kalata kuchipatala cha kwanu kuti akaunikidwe mtima ndi makina. Ulendo wa ku Hospital Provincial de Tete ndi wodula, koma musauchedwetse. Maopaleshoni a mtima amachitikira ku Maputo, ndipo mtima ukapezeka ndi bowo lalikulu, limafunika kutsekedwa m'miyezi yoyambirira, mitsempha ya m'mapapo isanawonongeke. Mufunsenso zoyeza magazi a chithokomiro, komanso zoyeza makutu ndi maso.

Pomubereka, chitenje chifike m'khosi kuti mutu usalendewere, ndipo chibwano chisagwere pachifuwa, chimatseka mpweya. Ali maso, mugonekeni chafufumimba pamphasa mphindi zingapo, kangapo pa tsiku, inu mutagona moyang'anizana naye n'kumamuitana dzina. Khosi limalimba motero. Pogona tulo, chagada basi.