Kudziwa chaka cha ndalama ya Trajan

Ndikagwira ndalama yachiroma, sindithamangira nkhope ya mfumu. Ndimaiunika ndi tochi chapambali kuti zilembo zofufutika zioneke, kenako ndimafuna COS ndi nambala yake yachiroma, zosonyeza kuti mfumuyo inakhala consul (udindo waukulu m'boma la Roma) kangati. Kwa Trajan, mfumu ya Aroma, COS V (kachisanu) ndi kuyambira chaka cha 103 mpaka 111 AD, COS VI (kachisanu ndi chimodzi) imayamba mu 112. Mukaona PARTHICO, dzina laulemu losonyeza kuti anagonjetsa anthu a ku Parthia, dziwani kuti dzinali analilandira mu 116. Pakakhalanso DIVO, kutanthauza kuti anamuyesa mulungu, ndalamayo inasulidwa iye atamwalira kale mu 117.

Koperani zilembo monga zilili, osawonjezera zomwe maso sanaone. Apa ndimaumirira kwambiri. M'zaka za m'ma 1600, Peiresc, katswiri wa zinthu zakale wa ku Aix-en-Provence ku France, ndi anzake ankatumizirana zojambula za ndalama m'makalata, ndipo kuphonya chilembo chimodzi cha I, monga kulemba V m'malo mwa VI, kukanasuntha zaka za ulamuliro.